Kalata Yachidindo ndi Mbidzi ya Adadi

Lolemba

Ndili ndi droni!

Ili pansi pa bedi langa, m'kabokosi kake. Achimwene Tiyamike a kutchalitchi amaliza maphunziro awo ku yunivesite, dzulo anyamuka kubwerera kumudzi, sutikesi yalemera, ndiye asiya zinthu zitatu kwathu kuno ku Springburn: jekete la chisanu, mpunga theka la thumba, ndi droni. Amami atenga mpunga. Jekete palibe akulifuna. Droni ndi yanga.

Ndi yaing'ono, ikukwana m'manja. Timapiko tinayi, ndi kamera kutsogolo ngati diso la nkhanu.

Pulani ndi iyi. Loweruka achinyamata a mpingo tikupita ku paki ya nyama, kunja kwa Glasgow, pa basi. Eti kuli mikango, mbidzi, zipembere, ngakhale akadyansonga. Kuno ku Scotland, m'mvula muno! Ndikaulutsa droni pamwamba pa mbidzi, ndikajambula vidiyo, Lamulungu ndiwatumizira adadi.

Chifukwa chake ndikulemba muno mokha. Foni ya dzulo ndi adadi inatenga mphindi zinayi. Ndinayang'ana pa sikirini itatha. Imayenda chonchi nthawi zonse:

Uli bwanji mwanawe. Ndili bwino, kaya inu.
Sukulu bwanji. Bwino.
Kukuzizira? Eya, kukuzizira.
Chabwino, apatse amayi ako.

Basi. Chino ndi chaka chachitatu. Adadi anatsala ku Malawi, mapepala awo sanathekebe, akadayendetsa galimoto ya alendo ku gemu, kuchigwa cha Shire. Pakhomo ndi munthu wosalankhula, ndipo ine ndinatengera iwo. Anthu awiri amanyazi pa foni imodzi, ndi mavuto.

Koma ndili ndi zaka naini ananditengapo m'galimoto muja, tsiku lomwe alendo anachepa. Analankhula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osapuma. Ndowe iyi ndi ya dzulo. Mbidzi iyo ndi yamphongo, taona khosilo. Usaloze njovu, ingoiyang'ana. Ine nyama sindinazione bwinobwino, ndimangowayang'ana pakamwa.

Ndikufuna adadi amenewo. Ndikawapatsa nyama, alankhula.

Zofunika:
batire ikhale yodzaza
osawauza adadi
osawauza anzanga a kusukulu, aseka
kuphunzira kuulutsa (sindinayambe ndaulutsapo chilichonse, ngakhale kaiti)

Lachiwiri

Kuli malamulo. Ine ndimayesa kumwamba kulibe mwini, kupatula Mulungu!

Nthawi ya buleki ndili mu laibulale, ndikuwerenga pa intaneti. Ndakopera:

1. Woulutsa alembe mayeso, apatsidwe nambala.
2. Mwini droni alembetse dzina lake ku boma, apatsidwenso nambala ina, aimate pa droniyo. Mwiniyo akhale wa zaka 18 kapena kuposa. Ine ndili ndi 16.
3. Osapitirira mamita 120 m'mwamba.
4. Osaichotsa maso. Ikabisala kuseri kwa mtengo, walakwa ndiwe, osati mtengo.
5. Osayandikira bwalo la ndege.
6. Osadutsa pamwamba pa gulu la anthu.
7. Osasokoneza nyama.

Nambala 7 siikundikhudza. Ine sindikufuna kuzisokoneza, ndikufuna kungozijambula.

Mayeso ndalemba nditangofika kunyumba, yunifomu ili m'thupi. Mafunso 40. Ndakhoza! Ndili ndi nambala yangayanga ya woulutsa. Ndaiwerenga kasanu. Ndikufuna kumuuza munthu, koma munthu amene ndikufuna kumuuza ndi yemwe sindiyenera kumuuza.

Kwatsala nambala ya mwini. Ndiye kuti amami.

Abwera kuchokera ku chipatala ku Govan, mabasi awiri, mapazi atupa, awaviika m'beseni. Ndawapangira tiyi wa shuga atatu ndisanayambe nkhani. Andiyang'ana, ayang'ana tiyi, akuti, "Wathyola chiyani?"

Ndafotokoza bwinobwino, monga ndinakonzera. Ayika kapu pansi.

"Dzina langa? Ku boma? Chifukwa cha chidole?"

Akuti zaka zitatu zonsezi sanawolokepo msewu kamunthu kofiira kali koyaka, ngakhale msewu ulibe galimoto, azungu onse atawoloka. Akuti mapepala athu ali ngati dzira, ndipo a adadi ali pa mzere. Tsiku lina kachinthuko kakagwera pa galimoto ya munthu, nambala ili pamsana pake ndi ya ndani? Apolisi agogoda kwa ndani?

Kenako akuti bwanji osangowafunsa adadi ako, zanyamazi si ndiyo ntchito yawo. Ndakana. Ikhala sapulaizi bwanji ndikawafunsa?

Ndili ndi nambala imodzi. Zikufunika ziwiri.

Lachitatu

Ndaganiza m'kalasi la masamu. Malamulo onse aja akunena za kunja. M'nyumba mulibe ndege, mulibe gulu la anthu, mulibe mamita 120. Ndiye ndiphunzirira pabalaza amami asanabwere.

Yauluka! Ikulira ngati udzudzu wonenepa. Yangoima m'malere, pakati pa sofa ndi siling'i, ikundiyang'ana ndi diso lake lija.

Zomwe sindimadziwa: droni imapanga mphepo. Kalendala ya mpingo yagwa. Makalata a pa tebulo abalalika. Ndatembenuka kuti ndiwatole, chala chakankha kandodo kolakwika.

Pamwamba pa kabati pamakhala mutu wa pulasitiki. Pa mutuwo pamakhala wigi ya amami ya Lamulungu, imene anaichapa dzulo kuti iume.

Sindilemba zambiri. Zoonongeka:
phiko limodzi lathyoka (pali lina lapadera, limodzi lokha)
wigi, mbali ya kumanzere
ine

Ndayesa kumasula tsitsi ndi foloko. Ndayesa ndi mafuta ophikira. Pomaliza ndagwiritsa sizasi, ndipo m'pamene kiyi yalira pachitseko.

Amami sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anyamula mutu wa pulasitiki uja ndi manja awiri, autembenuza uku ndi uku ngati dokotala. Akhala pa sofa, jekete osavula.

Kenako: "Bweretsa fomu ija. Chinthuchi chikaulukire kunja."

Alemba dzina lawo lonse, akupuma mokweza pa chilembo chilichonse. Nambala yabwera. Ndailemba pa kapepala, ndamata ndi selotepi pamimba pa droni.

Nambala ziwiri zakwana! Sindikudziwa ngati ndisangalale. Amami ali kuchipinda, akuyesa mipango.

Lachinayi

Paki ya kwathu kuno, nditaweruka kusukulu. Mphepo ilipo koma si yoopsa. Ndasankha pakati pa bwalo, kutali ndi anthu, kutali ndi mitengo, kutali ndi mutu wa aliyense.

Yakwera. Yakwerabe. Pa foni ndikuona madenga a Springburn onse, otuwa, onyowa, njanji zikupindika, basi yaing'ono ngati bokosi la machesi. Ndaona windo lathu. Ndatembenuzira kamera pansi, pali kadontho kofiira pakati pa udzu. Ndatenga kanthawi kuti ndizindikire kuti ndi jekete langa.

Ndaitembenuzira kumwera, mbali imene kuli adadi, ndikudziwa kuti ndi zopusa. Mitambo basi.

Kenako zabwera mbalame zoyera zija zakuba tchipisi m'manja mwa anthu. Zitatu. Zikuzungulira droni, zikukuwa, imodzi yatsika ngati ikufuna kuijompha. Ndaitsitsa mothamanga, yatera chagada pa udzu. Palibe chathyoka.

Agogo ena aamuna achizungu, oyenda ndi kagalu kovala juzi, aima kuonerera zonsezi. Andifunsa kuti ndikuphunzirira chiyani. Nthawi zambiri ndikanangomwetulira n'kuthawa, koma lero ndayankha, ndawauza za Loweruka. Apukusa mutu. Akuti, "Kumene kuja? Ndikukayika, mwana wanga. Kaone kaye pa tsamba lawo." Kagalu nako kandiyang'ana mokayika.

Ndaona, nditakhala pa benchi yonyowa. Pansi penipeni pa tsamba, zoletsedwa:
kutsegula mawindo kumene kuli mikango
kutsika m'galimoto
kudyetsa anyani
agalu
madroni

Madroni ayi, pokhapokha ndi chilolezo cholembedwa ndi akuluakulu a paki. Ndipo amapatsa a makampani ojambula mafilimu, okhala ndi inshuwalansi.

Ndiye kuti nambala ziwiri zija ndi za kumwamba kokha. Pansi pali mwini wakenso. Wigi inafera chiyani?

Ndalemba imelo pomwepo, yaulemu kwambiri. Yankho labwera mphindi yomweyo, ndadumpha ndi chimwemwe. Ndi la makina. Akuti zikomo, tikuyankhani pasanathe masiku khumi ogwira ntchito.

Loweruka ndi mkuja.

Lachisanu

Kwaya ya achinyamata, kenako msonkhano wa ulendo. Akutsogolera ndi ankolo Nyirenda, mkulu wa mpingo, amenenso ndi mlembi wathu. Masiku ena amayendetsa basi ya mu tauni. Akuwerenga mayina, afika pa langa, akuti bwanji nkhope ili ngati Lachisanu Loyera. Anzanga atatuluka ndawauza zonse, maso ali pa nsapato.

Aseka mpaka agwira tebulo.

"Imelo? Mwana wanga, imelo amayankha ndi makina. Ofesi imaopa chidindo."

Akuti iwo malo a ku sekondale anawapeza ndi kalata ya mpingo. Ntchito yawo yoyamba ku Mzuzu, kalata ya mpingo. Pokafunsira akazi awo, akuchikazi asanawapatse ndi mpando womwe, anafunsa kaye kalata ya mpingo. Akuti sanaonepo geti lomwe linakana kalata yachidindo, ndipo Scotland ndiye kwawo kwa mpingo wathu, akaona chidindocho aimirira.

Andipatsa pepala la mpingo, lokhala ndi mutu wake pamwamba. Akuti ndilembe ndekha, amva kuti aphunzitsi amayamikira zolemba zanga. Ndalemba m'Chingerezi chapamwamba kwambiri chomwe ndili nacho. Sindikudzitama, koma ndi kalata yabwino. Muli:

kuti ndine wobatizidwa, wa mbiri yabwino
kuti ndimaimba alito
kuti ndinakhoza mayeso a droni, nambala zonse ziwiri nazi
kuti bambo anga amagwira ntchito ya nyama ku Malawi, ndiye ulemu wa nyama ndinayamwira
kuti ndikupempha mphindi zisanu zokha, pa mbidzi zokha
kuti vidiyoyo ndi ya munthu mmodzi

Ankolo awonjezera ndi cholembera chawo: sasuta, samwa, sayenda usiku.

Kenako atsegula chikwama, atulutsa kachitini ka mabisiketi. Mkati muli chidindo, chokulunga mu hanki. Chinabwera kuchokera kumudzi pa ndege, m'thumba la jekete lawo, sanalole kuti chilowe mu sutikesi. Achipumira mpweya, haa, haa. Pha! Inki yapepo. Ayang'ana, akuti sichinagwire bwino. Pha! Chachiwiri chazondoka. Pha!

Zidindo zitatu. Asainira pa chilichonse.

Ndabwerera kunyumba envulopu ili mkati mwa juzi, kuopa mvula. Amami aiwerenga, akuti hmm. Afunsanso ngati ndawauza adadi. Ayi!

Batire yadzaza. Ndayeserera pagalasi mmene ndidzanenere Lamulungu: adadi, tatsegulani vidiyo ndakutumiziraniyo. Mawu wamba, ngati si kanthu.

Loweruka

Mvula.

M'basi tilimo anthu pafupifupi makumi atatu, mandasi mabeseni awiri, ndi makolasi kuyambira pa Springburn mpaka kufika. Droni ili pamiyendo panga. Sindikuimba, ndikusunga mtima.

Pa geti basi yaima. Ankolo Nyirenda avala tayi. Akuti tiye. Tapita pa windo la matikiti, pali mayi wa jekete lobiriwira, tsitsi lanyowa. Ankolo apereka envulopu ndi manja awiri, ine ndapinda maondo pang'ono, zangochitika zokha.

Mayiyo awerenga kalata yonse. Yonse, mpaka sasuta, samwa. Aitana mnzawo, nayenso wawerenga. Andiyang'ana mokoma mtima kwambiri, ndipo pamenepo ndadziwiratu.

Akuti chiyambire ntchito sanalandirepo kalata yokongola chonchi. Akuti ndi zosangalatsa kuti ndimaimba alito. Koma ayi. Nyama zikamva kulira kwa droni zimadzidzimuka, zimathamangira mu waya, zina zili ndi ana. Ikagwera kwa mikango palibe angakaitole, ndipo mkango ukhoza kutafuna batire. Ngakhale iwo eni ake ogwira ntchito pano saulutsa popanda chilolezo cha akuluakulu, ndipo akuluakuluwo Loweruka kulibe.

Ankolo aloza pansi pa pepala. "Mayi, mwaona chidindo?"

"Ndaona, bambo. Zonse zitatu."

Droni aiika m'kabati ya mu ofesi, pakati pa maambulera otayika ndi nsapato imodzi ya mwana. Andipatsa katikiti koti ndikaitengere potuluka. Nambala yachitatu sabata ino.

Apempha ngati angasunge kalatayo, akufuna kuikhoma pa khoma la ofesi. Ndavomera ndi mutu.

M'basi ankolo akufotokozera aliyense kuti vuto ndi inki. Yatha mphamvu ndi kuzizira. Chikanagwira bwino chidindo choyamba chija, bwenzi tikunena zina.

Tsopano nyama. Mawindo otseka, lamulo. Anthu makumi atatu akupuma, akuimba, akudya mandasi otentha. Magalasi onse achita nthunzi, mbuu.

Zomwe ndaona:
mikango iwiri, yogona m'kakhumbi ngati matumba a chimanga
chipembere, kapena mwala
akadyansonga ali m'nyumba yawo, eti muli hita
mbidzi

Mbidzi zinayi, zaima pa udzu wobiriwira kwambiri, zafulatira mphepo, madzi akuyenderera m'mizere. Sizikudya, sizikuyenda. Zangoima, zikudikira kuti ithe.

Ndapukuta galasi ndi mkono wa juzi, ndajambula ndi foni. Masekondi makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Mukuoneka madontho, mkono wanga, matako a mbidzi imodzi, kenako nthunzi yabwerera. Mawu ake ndi kolasi, ndi ankolo akunena za inki.

Pobwerera ndakhala mpando wakumbuyo, nkhope ku windo. Mtsikana wina wandipatsa ndasi osafunsa kanthu. Ndadya.

Lamulungu

Amami apita ku tchalitchi ndi mpango. Amayi atatu awayamikira kuti wawakhala.

Vidiyo ndaionera kasanu ndi kawiri, siikusintha. Ndafuna kuifufuta. Koma ndilibe china, ndipo mphindi zinayi zija ndikuzidziwa kale mmene zimathera. Ndatumiza masana, popanda mawu alionse.

Foni yalira isanakwane nthawi yake.

Palibe uli bwanji mwanawe. Adadi angoyamba: "Tabwezera pamene ikugwedeza mchira. Waona timizere totuwa pakati pa mizere yakudayo? Imeneyo si ya kuno. Zathu zilibe, mizere yake ndi yothinana mpaka kumapazi. Imeneyo mtundu wake ndi wa kumwera uko."

Ndabwezera. Ulipodi, mzere wotuwa, pa matako amene ndimachita nawo manyazi aja.

Akuti yanenepa, akuidyetsa chiyani? Zinalipo zingati? Zinaima motani? Ndati zinafulatira mphepo. Akuti eya, zimatero kulikonse. Ndafunsa ngati sizimva kuzizira. Akuti zimamva, koma zikakhalitsa ubweya umakula, zimazolowera. Ndadikira mawu a masiku onse aja. Koma sananene kuti apatse amayi ako.

Amami ndiwo akuwa ali kukhitchini: "Auze za droni! Auze za wigi yanga!"

Ndawauza. Zonse, kuyambira Lolemba.

Adadi aseka. Sindikukumbuka tsiku lomaliza lomwe ndinawamva akuseka chonchi, mpaka kutsokomola, mpaka foni kugwa. Atatola akuti, "Iwe mwana wanga, ukudziwa chimene chimakhala pansi pa mpando wanga m'galimoto? Bokosi. La madroni a alendo. Ndimawalanda ndine, ndimabweza potuluka."

Akuti ku gemu kwawonso popanda pepala la ku ofesi siiuluka, kaya mlendoyo wachokera kutali bwanji. Ena amalira, ena amatulutsa makadi amitundumitundu. Akuti mayi wa pa geti uja ndi munthu wabwino, akanakhala iwo sakanawerenga ndi kalata yomwe. Kenako akuti ndiwawerengere. Kalata inatsala pa khoma, koma ndinailoweza. Pa alito asekanso. Pa mawu oti vidiyoyo ndi ya munthu mmodzi, sanaseke.

Sabata yonse amami amati ndiwafunse. Akudutsa ndi mbale, andiyang'ana, sananene kanthu. Mpango wanena.

Adadi ayamba kufotokoza chifukwa chake njovu zimadana ndi droni. Akuti zimayesa njuchi, ndipo njovu, ndi ukulu wonse uja, palibe chimene imaopa ngati njuchi, chifukwa zimalowa mu chitamba, ndiye tsiku lina mlendo wina anaulutsa mobisa pafupi ndi njovu ya mwana, iwo ali pa chiwongolero, njovuyo inatambasula makutu, ndiye iwo

Bandulo yawathera.

Ndayang'ana pa sikirini. Mphindi makumi asanu ndi imodzi.

Patapita kanthawi kwabwera meseji, pa foni ya mnzawo: "Ukandijambulire mbalame zakuba tchipisi zija. Uli pansi, ndi manja, ngati munthu."

Chabwino. Imelo ya ku paki idzabwera masiku khumi akatha, idzati ayi, ndikudziwa kale. Batire ya droni imatha mphindi makumi awiri, ngakhale atandipatsa zilolezo zonse za dziko lapansi siingafike ndi ku Govan komwe n'kubwerako. Adadi akadali kuchigwa, pa chiwongolero, njovu yatambasula makutu, ndipo sindikudziwa kuti zinatha bwanji.

Droni ndaiika m'bokosi lake, pamwamba pa wadiropu. Mamita awiri kuchokera pansi, ndikuiona ndi maso, palibe nyama pafupi. Malamulo onse ndasunga.